Nsomba za m'dziwe lotsala nzayani?

Kachulu ndi doko laling'ono la kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, mtunda wa makilomita ngati 30 kuchokera mumzinda wa Zomba. Mabwato opita ku chilumba cha Chisi amanyamukira pamenepa, ndipo mpamene asodzi amagulitsa matemba, makumba ndi milamba. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imangolandira a Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina, tsono popeza njosazama, mvula ikachepa zaka zotsatizana imaphwa. Idatero mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu idasanduka matope ong'ambika.

Nyanja ikaphwa, nsomba sizithera pomwepo. Zina zimabisala m'maiwe otsala a m'mitsinje, ndipo nzimenezi zodzaswana madzi akabwerera. Nchifukwa chake itaphwa mu 1995, mafumu ndi alangizi a za nsomba adaletsa kukoka makoka ndi kuthira katupe m'maiwemo.

Tsono owerenga, taganizani za msodzi amene ana ake agona ndi njala masiku awiri, bwato lake lili pamtunda, pamene nsomba akuziona ndi maso zikuphiriphitha m'dziwe. Akakawedza usiku, kodi waba?

Eklezia samtcha mbala munthu wotere. Thomas Aquinas Woyera adaphunzitsa kuti amene moyo wake uli pa ngozi chifukwa cha kusowa salakwira lamulo lachisanu ndi chiwiri akatenga chompulumutsa, ndipo Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udabwerezanso mfundoyi mu 1965. Koma chiphunzitsochi chikunena za kutenga kwa amene ali nazo zambiri. Mwini wa nsomba za m'dziwe lija si wolemera ai. Ndi msodzi mnzake wa ku Chisi, ndi mai wowamba milamba pa Kachulu, ndi ana a msodzi yemweyo, amene adzafuna ndiwo zaka zitatu zikubwerazo. Wosauka akulanda wosauka wa mawa.

Ine ndiyesa lamulo la mafumu lija lidali lolungama. Chondivuta nchakuti mtengo wake udagwera munthu mmodzi yekha. Matemba a ku Chilwa amadyedwa ku Zomba, ku Limbe ndi ku Mulanje ndi anthu amene sadalionepo doko la Kachulu. Mitsinje ya Domasi ndi Likangala imachokera ku phiri la Zomba, kumene enafe timadula mitengo ndi kupatutsa madzi kuti tithirire madimba. Nyanja ikadzaza tonse timapindula. Ikaphwa timangosintha ndiwo, nkumayembekeza kuti wa njala uja ndiye asale kudya m'malo mwathu.

Tikamuuza kuti asiye nsombazo, adzatifunsa kuti ana ake adye chiyani kufikira madzi atabwera. Funsoli silili kwa mfumu yokha. Lili kwa wamalonda wogula matemba, kwa akhristu a m'maparishi a kumtunda, ndi kwa aliyense wokhala m'mbali mwa Likangala.