LACHITATU: Danieli Pamaso pa Ofunsa Mafunso

Werengani Danieli 1:3-20 ndi Eksodo 31:1-17.

Chaka ndi chaka achinyamata athu amatsiriza maphunziro a uinjiniya wa zipangizo zamagetsi ku MUBAS, sukulu imene kufikira mu 2021 tinkaitcha Polytechnic. Akabwerera kwao ku Njewa, ku Chinsapo kapena ku Kawale, amayamba kulemba makalata ofunsira ntchito, ndipo ambiri mwa makalatawo sayankhidwa. Tsono likadza tsiku loitanidwa ku intavyu, banja lonse limagwada pansi, pakuti amene anagulitsa chimanga ndi mbuzi kuti fizi ipezeke akuyembekezera.

Mafunso oyamba amakhala a ntchito. Wofunsidwayo amamuuza kuti afotokoze lamulo la Ohm, kapena amampatsa multimeter kuti apeze chimene chafa m'chipangizo. Apa pali yesero loyamba: kunena kuti ukudziwa makina amene unangowaona m'buku. Mkhristu anene poyera kuti, "Ichi ndinachiwerenga, koma sindinachigwirepo." Bodza la pa zamagetsi silikhalitsa. Limaululika sabata yoyamba, ndipo likhoza kupsereza makina kapena kuvulaza munthu.

Pambuyo pake limadza funso limene mwana wa Adiventi amaliopa: "Nsanja ya mafoni ikazima Loweruka, mudzapita?" Tisafulumire kunena kuti wofunsayo ndi mdani wa choonadi. Makina a lamya ndi a wailesi sadziwa masiku, ndipo iyenso ali ndi akuluakulu omufunsa. Ena amavomera ndi pakamwa, mumtima akuti, "Ndikangolowa ndidzapeza pothawira." Kumeneko ndi kusunga lamulo lachinayi mwa kuswa lachisanu ndi chinayi.

Kodi Danieli anachita bwanji? (Danieli 1:8-13).

Iye ndi anzake anaphunzitsidwa zaka zitatu, kenaka Nebukadinezara anawafunsa yekha. Koma taonani kuti Danieli sanadikire kufikira atakhazikika m'nyumba ya mfumu. Anatsimikiza mtima pachiyambi, napempha mwaulemu. Atamva kuti mkulu wa adindo akuopera mutu wake, sanamnyoze, koma anapempha kapitawo wao kuti awayese masiku khumi. Mnyamata wathu nayenso angathe kunena kuti, "Bwana, kuyambira dzuwa litalowa Lachisanu kufikira litalowa Loweruka sindigwira ntchito. Koma tsiku loyamba la sabata, usiku ndi masiku a tchuthi ndidzakhalapo m'malo mwa anzanga. Mundiyese muone."

Palinso china: pa tsiku la mafunso mfumu inawapeza oposa anzeru ake kakhumi. Wosunga Sabata amene walephera lamulo la Ohm asanene kuti wazunzidwa chifukwa cha chikhulupiriro. Mu Eksodo 31 Mulungu anadzaza Bezaleli ndi Mzimu wake kuti akhale mmisiri wa golide, siliva ndi mkuwa, ndipo atangotha kunena za lusolo anakumbutsa Mose za Sabata. Ngakhale chihema chopatulika sichinamangidwe pa tsiku lachisanu ndi chiwiri. Amene apereka luso la manja ndi yemweyo amene alamula manjawo kupuma.

Malamulo aakulu a dziko lathu a 1994 amateteza ufulu wa chipembedzo mu gawo 33, ndipo lamulo la ntchito la 2000 limaletsa tsankho la chipembedzo polemba anthu ntchito. Komabe kalata yokana munthu sinena chifukwa. Choncho tisalonjeze ana athu kuti aliyense woyankha ngati Danieli adzalembedwa. Anzake atatu aja anaima nji pamaso pa ng'anjo asanadziwe ngati adzapulumutsidwa (Danieli 3:16-18). Ife akulu timafulumira kunena ameni mnyamata akachitira umboni kuti wakana ntchito, koma Lolemba lake sitimfunsa ngati kwao kuli ufa. Amene muli ndi malo okonzera mafoni, mawailesi ndi zipangizo za sola, kodi simungamtenge mnyamata wotere kuti manja ake asaiwale ntchito?

Zokambirana m'kalasi: Werengani Mateyu 12:10-12. Tiyerekeze kuti wofunsa uja wanena kuti, "Nanga makina othandiza odwala kupuma akaonongeka m'chipatala Loweruka m'mawa?" Kodi funso ili n'lofanana ndi la nsanja ya mafoni? Mukanakhala inu pa mpando umenewo, mukanayankha chiyani?