Chingerezi Chimalowera M'khutu, Chimatulukira Pakamwa

Ana anga a ku Mlangeni, inu amene mukadali pasukulu ndi inu amene munalemba kale mayeso a Fomu 4, tcherani khutu. Ambiri mwa inu Chingerezi cha papepala mumachitha ndithu. Mumalemba chimangirizo chomveka, malamulo a galamala munawaloweza. Koma munthu akakufunsani funso m'Chingerezi maso ndi maso, lilime limalemera, mawu amathawa, mumangoyang'ana pansi. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa ndaona ana anzeru akulephera intavyu ya ntchito imene akanaigwira bwino lomwe.

Vutoli silichokera ku umbuli. Mayeso a MANEB ndi olemba, ndiye mphunzitsi amalimbikira zolemba. M'kalasi muli ana ochuluka, ndipo mwana mmodzi atha kumaliza teremu yonse osayankhulapo chiganizo chathunthu. Komatu kunja kuno Chingerezi chimafunika cha pakamwa. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira m'sukulu zathu. Malamulo oyendetsera dziko lino amanena kuti wofuna kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana. Amene mumasirira achinyamata ophunzira pasukulu ya apolisi ya pano pa Mlangeni, ndi amene mukulota za ku Joni, nonse chidzakupezani.

Tsono chiyankhulo amachiphunzira bwanji? Funsani agogo anu amene anapita ku migodi ya ku South Africa pa nthawi ya Wenela ndi Theba. Ambiri sanapite patali ndi sukulu, koma anabwera akuyankhula Fanakalo, atachitola pakamwa pa akapitawo ndi anzawo a m'mgodi. Taonaninso tsidya la msewu wa M1, kumene kuli kale Mozambique. Amene amachita malonda ndi abale athu a ku Angonia amatola malonje ndi manambala a Chipwitikizi popanda kope. Amamva, n'kubwereza, n'kumvanso. Chingerezi nachonso njira yake ndi yomweyo.

Inu ndinu Angoni, ngoma mumaidziwa. Mnyamata wofuna kuvina salemba masitepe m'buku. Amaima kumbuyo kwa wodziwa, phazi la mkuluyo likagunda pansi nalonso lake ligunde, mpaka thupi lizolowere. Chitani chimodzimodzi ndi mawu a eni chiyankhulo.

Sankhani munthu mmodzi woyankhula momveka, monga wowerenga nkhani pa BBC World Service, kapena mphunzitsi wa pa YouTube amene Chingerezi ndi chiyankhulo chake chobadwa nacho. Musadumphedumphe, lero wa ku London, mawa wa ku New York, mkuja wa m'filimu ya nkhondo, chifukwa katchulidwe kawo n'kosiyana ndipo mudzasokonezeka. Tengani kachidutswa kakafupi, kosapitirira mphindi imodzi, mukasunge m'foni kuti bandulo isamathe tsiku lililonse. Choyamba mvetserani chabe, mpaka mutamvetsa zimene akunena. Mawu achilendo muwafufuze mu dikishonale, pakuti kubwereza chinthu chosachimva tanthauzo n'kutaya nthawi. Kenako muziimitsa pa chiganizo chilichonse n'kuchinena mokweza. Mukazolowera, yankhulani naye limodzi, inu mukutsatira pambuyo pake pang'ono, osaimitsa. Pomaliza dzijambuleni mawu pafoni, mudzimvere nokha, mufananize ndi mwini wake. Tsiku loyamba mudzachita manyazi ndi mawu anu, koma m'menemo ndi m'mene mudzadziwire pofunika kukonza.

Potsanzira, samalani zinthu zimene lilime lathu linazolowera. Chichewa chili ndi mavawelo asanu okha, pamene Chingerezi chili ndi oposa khumi, n'chifukwa chake ship ndi sheep zimamveka zofanana kwa ife. Mawu athu onse amathera pa vawelo, ndiye timafuna kuwonjezera vawelo pamene palibe, desk n'kusanduka desiki. Kwa ife l ndi r sasintha tanthauzo la mawu, koma kwa eni Chingerezi pray ndi play n'zosiyana kutalitali. Choposa zonse ndi kagundidwe ka mawu. Ife timapatsa phatikizo lililonse mphamvu yake, n'kukoka lachiwiri kuchokera kumapeto. Iwo amagunda mawu ofunika okha, ena onse n'kuwapeputsa. Mvetserani pamene woyankhulayo akukweza mawu, pamene akutsitsa, ndi pamene akupumira. Mukagwira zimenezo, anthu adzakumvani ngakhale katchulidwe kena kasanakhale bwino.

Musaloweze mawu amodziamodzi. Tolani ziganizo zathunthu zimene anthu amagwiritsa ntchito popempha, pokana mwaulemu, pofunsa njira, podzifotokoza pa intavyu. Chiganizo chimene mwachinena kambirimbiri chimatuluka chokha, osayamba mwachimasulira m'mutu. Mphindi khumi ndi zisanu tsiku lililonse zimaposa maola atatu a Loweruka lokha. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Amene mulibe foni yaikulu musataye mtima. Wailesi ilipo. Nkhani za m'Chingerezi pa MBC kapena pa Zodiak zimawerengedwa ndi Amalawi anzathu odziwa bwino chiyankhulochi, ndipo kuyambira pamenepo si kulakwa. Gwirizanani atatu kapena anayi, mubwerekane foni imodzi. Mukamachokera kudimba kapena mukamadikira ogula kachewere ndi kabichi m'mbali mwa msewu, yankhulanani. Kutsanzira kumafewetsa lilime, koma kucheza ndi munthu wamoyo ndiko kumaphunzitsa kuyankha funso limene simunaliyembekezere.

Pano ndikudzudzuleni pang'ono. Chimene chapha Chingerezi cha ana ambiri ndi kusekana. Mnzanu akalakwitsa mumafa nacho chikhakhali, akayesa kutchula bwino mumati akudzimva, akudziyesa mzungu. Mapeto ake nonse mumakhala duu. Lekani khalidwe limeneli. Wolakwitsa mumukonze mwaulemu, ndipo inu mukakonzedwa muthokoze. Safunsa anadya phula.

Chenjezo langa lalikulu ndi ili. Cholinga chotsanzira eni chiyankhulo n'chakuti muzimveka, osati musanduke munthu wina. Kuyankhulira m'mphuno ndi kutola mawu otukwana a m'mafilimu si kudziwa Chingerezi. Anthu a ku Nigeria, ku India ndi ku Scotland amayankhula Chingerezi aliyense ndi kamvekedwe ka kwawo, ndipo dziko limawamvera. Inunso mawu anu akamamveka kuti ndinu Mmalawi palibe chochititsa manyazi. Kumbukiraninso mbiri yathu. Makolo athu a Maseko anafika kuno m'zaka za m'ma 1800 akuyankhula Chingoni, koma lero chatsalira m'nyimbo, m'ziwongo ndi pamwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo. Chiyankhulo chimafa ana akasiya kuchiyankhula. Choncho musanyoze Chichewa chifukwa mwadziwa Chingerezi, ndipo musamayankhe makolo anu m'Chizungu pofuna kudzionetsa. Mwana waulemu amadziwa chiyankhulo choyenera pabwalo la mfumu ndi choyenera mu ofesi.

Ana anga, musadikire kuti mudzayambe mukadzapeza ndalama za kosi ya mumzinda. Makutu muli nawo, pakamwa muli napo. Sankhani kachidutswa kanu lero lomwe, mupeze mnzanu woyeserera naye, ndipo mutsegule pakamwa popanda mantha.