PEMPHO LA ENI MWALA

Pakati pa dziko la Australia pali chipululu cha mchenga wofiira, kumene dzuwa la January limatentha kupitirira madigiri 40. Munthu akachoka m'tauni ya Alice Springs nayenda makilomita ngati 450, amaona chimwala chimodzi chili njo pachidikha. Msinkhu wake ndi mamita 348, ndipo kuchizungulira ndi ulendo woposa makilomita 9. Eni dziko, a mtundu wa Anangu, amachitcha Uluru. Mzungu wina, William Gosse, atachiona mu 1873 anachitcha Ayers Rock, ngati kuti chinali kudikira iyeyo kuti chipeze dzina.

Mu 1985 boma linabweza malowo kwa eni ake, iwo nalibwerekanso kwa zaka 99 kuti akhalebe malo ochezako alendo. Kukwera mwalawo sikunaletsedwe. Patsinde pake panangoikidwa chikwangwani chopempha alendo kuti asakwere, pakuti njirayo ndi imene anadzera makolo awo otchedwa Mala, ndiponso chifukwa munthu akafera pamalo awo iwo amamva chisoni ngati wafa mbale. Anthu oposa 35 anaferapo, ena pogwa, ena mtima utaima. Linali pempho chabe, lopanda wapolisi, lopanda faindi. Tsono funso langa ndi ili: kodi pempho lopanda chilango limam'manga munthu?

Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, amene amaphunzira za miyala, akuti ai. Akuti mwalawo unalipo zaka mamiliyoni mazana munthu asanaponde dziko lapansi, palibe anauumba, ndipo mlendo amene walipira pachipata sangamangidwe ndi mizimu imene iye saikhulupirira. Ndivomere, mfundoyi inandisowetsa tulo. Si pempho lililonse limene tiyenera kulimvera. Mwambo wina umapempha zoipa, ndipo kuukana ndi chilungamo.

Komabe ndiganiza kuti mnzangayo wasokoneza zinthu ziwiri, kukhulupirira ndi kulemekeza. Kwathu munthu akaona masamba atayalidwa pamsewu amatsika njinga navula chipewa. Womwalirayo samudziwa, kapena ndi wa mpingo wina, kapenanso sakhulupirira kuti akufa amaona. Amatsika chifukwa cha amoyo amene akulira. Anangu sanapemphe munthu kuti alowe chipembedzo chawo. Anapempha kuti atsike njinga. Nanga wotsikayo ataya chiyani? Chithunzi chimodzi chojambulidwa pamwamba, basi.

Palinso china chimene chipululu chimaphunzitsa mouma mtima. Mu 1861 Robert Burke ndi William Wills, atadutsa dzikolo kuchokera kumwera kufika kumpoto, anafa ndi njala pobwerera, pa Cooper Creek, pamalo pamene anthu a mtundu wa Yandruwandha ankadya nsomba nakhuta. Mnzawo John King anapulumuka chifukwa anthu omwewo anamtenga namdyetsa kufikira omfuna atabwera. Kale woyenda m'chipululu ankadziwa kuti moyo wake uli m'manja mwa wodziwa chitsime, kotero ulemu sunali wochita kuuganizira. Lero mlendo amafika pa galimoto lozizira m'kati, madzi ali m'botolo, nayesa kuti alibe ngongole ndi munthu. Ine ndikayika ngati ulemu umene umatha ludzu likatha unali ulemu n'komwe. Mwina anali mantha chabe, ndipo ife tinawapatsa dzina lokoma.

Ndisawanamizire alendo onse. Cha m'ma 1990 anthu ngati 74 pa 100 alionse ankakwera, koma pofika 2015 anali ngati 16. Ambiri anamva pempholo popanda wowakakamiza, ndipo amenewa ndiwo ayankha mnzanga kuposa ine. Mu 2017 bungwe loyang'anira malowo, m'mene Anangu ali ochuluka, linagamula kuti kukwera kuthe pa 26 October 2019, zaka 34 chibwezere malowo.

Chimene chimandivuta ndi miyezi yotsiriza ija. Atamva kuti chipata chitsekedwa, anthu anakhamukirako miyandamiyanda, nandanda ngati nyerere m'mbali mwa unyolo wogwirira pokwera, aliyense atadutsa chikwangwani chija patsinde. Lamulo litayamba kugwira ntchito anasiya, ndipo unyolowo unazulidwa.