Ulemu wa Mayi Uli pa Mthiko

Mawu: Luka 1:26-38, Miyambo 31:15

Amayi anzanga mwa Khristu, pa 25 Malichi timakumbukira tsiku limene mngelo Gabriele anafika kwa Maria. Ndi tsiku lalikulu mu Umodzi wa Amayi, umene Mary Sumner anayambitsa ku England mu 1876. Angelezi amalitcha Lady Day. Kodi liwu loti lady limatanthauza chiyani?

Masiku ano limanena mayi aliyense amene akupatsidwa ulemu. Ku England ndi dzina laulemu la akazi a mabanja apamwamba. Pa wailesi timamva za First Lady, mkazi wa mtsogoleri wa dziko. Akati Our Lady, ndiye kuti akunena Maria. Koma zaka zoposa 1,000 zapitazo liwuli linali hlaefdige, ndipo tanthauzo lake linali "wokanda mkate". Nalonso liwu loti Lord, limene amatchulira Ambuye, linachokera ku hlaford, "wosunga mkate".

Mwaona, amayi? Ulemu wonsewu unayambira kukhitchini. Chikhala kuno kwathu, bwenzi tikuti wogwira mthiko ndi chipande, amene amaomola nsima mpaka aliyense atalandira mtanda wake. Mayi wa pa Miyambo 31 amadzuka kusanache kuti a m'nyumba mwake adye. Maria nayenso sanadzitche mfumukazi, anadzitcha mdzakazi, ndipo anatibalira Iye amene ali mkate wa moyo (Yohane 6:35).

Tsikuli limatipeza pa nyengo yovuta. Fodya ali m'zigafa, okushoni sanatsegule, chimanga sichinaume. Anzathu oyandikana ndi nkhalango ya Kasungu, cha ku Lifupa, amachezera kuthamangitsa njovu m'minda. Ndani waiwala njala ya 2002, pamene tinaika abale ambiri m'manda muno m'Kasungu? Kodi tenanti wa pa esiteti yoyandikana nanu wadya dzulo? Nanga gogo uja akulera ana amasiye?

Tikavala yunifomu yathu, anthu amatipatsa mpando wakutsogolo. Koma Ambuye sadzatifunsa za mpando, adzatifunsa ngati tinamdyetsa pamene anali ndi njala (Mateyu 25:35). Choncho pa msonkhano wa mwezi uno mayi aliyense abwere ndi mbale ya ufa, kaya dzungu, kaya nyemba, ndipo tisankhe makomo oti tikawayendere. Kupatsa nkuika.

Tipemphere: Atate, amene mumatipatsa chakudya cha tsiku ndi tsiku, tsegulani manja athu kuti mnzathu asagone ndi njala ife tili pafupi. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.