Mfundo zofunika kwa dokotala wophunzira ukatswiri: ngongole ndi malipiro a pamwezi

Mwana akalandira digiri ya udokotala ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe ambiri timaitchabe College of Medicine, kumudzi amati mavuto atha. Komatu patsogolo pake pali miyezi 18 ya intenishipu, ndipo akafuna kudzakhala katswiri wa maopaleshoni, wa ana kapena wa amayi oyembekezera, pali zaka zina zinayi za maphunziro a MMed, akuchezera m'mawodi a ku Queens kapena ku Kamuzu Central. M'zaka zimenezi dzina limakhala litakula kale pamene malipiro akadali aang'ono. Obwereketsa ndalama ndi achibale omwe amawerengera dzinalo. Inu adokotala, werengerani malipirowo.

1. Musadyeretu ndalama za katswiri musanakhale katswiri. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Maphunziro amatha kutalika: mayeso akhoza kukukanikani chaka china, kafukufuku akhoza kuchedwa, wokulipirirani sukulu akhoza kusiya pakati. Ngongole ya galimoto yomwe mwatenga poganiza kuti "pofika chaka chachinayi ndidzakhala ndikulandira zambiri" sidikira zonsezi. Imadulidwa mwezi ndi mwezi pa malipiro amene muli nawo lero.

2. Musasayine pepala la ngongole musanalimvetse. Mumatha kuwerengetsa mulingo wa mankhwala wa khanda la makilogalamu awiri osalakwitsa, choncho masamu a ngongole sangakuvuteni. Chimene chimasowa ndi nthawi, ndipo wotopa amangofunsa funso limodzi: "Muzidula zingati pamwezi?" Funso loyenera ndi lakuti, "Ndikadzamaliza ndidzakhala nditabweza zingati zonse pamodzi?" Taonani chitsanzo ichi. Mwabwereka K1,000,000 kwa zaka ziwiri pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti pachaka. Akamawerengera pa ndalama yonse imene munatenga poyamba, mudzawonjezera K600,000. Akamawerengera pa ngongole yotsala mwezi uliwonse, mudzawonjezera pafupifupi K342,000. Onse awiri akuuzani kuti "30 peresenti", koma kusiyana kwake kukuposa K250,000. Funsaninso za ndalama yokonzera mapepala, za inshulansi ya ngongoleyo, ndiponso ngati pali chilango mukafuna kubweza msanga. Pepalalo pitani nalo kunyumba, mukaliwerenge mutagona tulo tokwanira. Wobwereketsa wachilungamo sangakane zimenezo.

Za katapila ndinena mwachidule. Amene akupatsani K200,000 lero n'kufuna K300,000 pakutha pa mwezi wakulowetsani m'ngongole ina imene mudzatenge kuti mumubwezere. Ngakhale ku banki m'khonde, komwe phindu limabwerera kwa mamembala, chiwongoladzanja chimawerengedwa pamwezi. Muchichulukitse ka 12 musanati n'chotsika.

3. Bwezani ngongole ya sukulu. Kuyambira 2015, ngongole za ophunzira a m'sukulu za ukachenjede zili m'manja mwa bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board. Thumba limeneli ndi lozungulira: ndalama imene inu mwabweza ndi imene adzabwereke mwana wa ku Nsanje kapena ku Chitipa amene wasankhidwa chaka chino, makolo ake alibe pogwira. Ndimamva chisoni ndikamva munthu wophunzira akuti "zinali za boma zimenezo". Inu munafika pomwe mulipo chifukwa panali thumba loti mutapemo. Pitani mukafunse kuti ngongole yanu yafika pati, mugwirizane za kabwezedwe kamene mungakwanitse, ndipo musunge malisiti onse.

4. Achibale auzeni zoona, ndipo muwauze msanga. Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa ngongole zambiri za madokotala achinyamata sizichokera ku moyo wapamwamba. Zimachokera ku foni ya usiku: amalume adwala, mlongo wathamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi, feteleza wakwera, kwagwa maliro ndipo bokosi akuyembekezera adokotala. Anthu amenewa sakukuberani. Ena anagulitsa mbuzi kuti inu mupite ku sekondale, ndipo kuwathandiza ndi udindo wolemekezeka. Cholakwika ndi kubwereka kuti muwabisire kuchepa kwa malipiro anu. Mukatumiza K150,000 ya ngongole osanena komwe yachokera, mwawaphunzitsa kuti muli nayo, ndipo mwezi wamawa pempho lidzabwera lolingana ndi zimenezo.

Khalani pansi ndi amayi, abambo kapena mwinimbumba. Auzeni kuti, "Amayi, ndikadali pasukulu. Pamwezi ndingathe kutumiza mwakuti, ndipo fizi ya mwana mmodzi ndiisenza ine. Zoposa apa sindingakwanitse mpaka nditamaliza." Mawuwa ndi olemera kuwatulutsa, ndipo ena adzati mwayamba kunyada. Koma ndalama yochepa yofika tsiku lodziwika imathandiza banja kukonzekera kuposa yambiri yobwera mwadzidzidzi kenako n'kusowa miyezi itatu. Amayi ambiri, akadziwa kuti mwana wawo akudya za katapila chifukwa cha iwo, amayamba okha kuletsa opempha.

5. Kumbukirani kuti maphunziro anu ena amalipiridwa m'madola. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pafupifupi K1,700. Amene ankasonkhanitsa makwacha okwanira madola 1,000 a mayeso a ukatswiri wa maopaleshoni a COSECSA, a mabuku kapena a ulendo wokaphunzira ku South Africa anadzuka m'mawa akuperewera K500,000 ndi kanthu. Ngati mukudziwa kuti mayeso akubwera chaka chamawa, yambani kupatula lero, muwonjezerepo poyembekezera kuti mtengo usintha, ndipo zimene zingalipiridwe msanga lipiranitu. Ngati pali okulipirirani sukulu, funsani polembetsa pomwe kuti mayeso obwereza, chitupa choyendera ndi nyumba adzalipira ndani.

6. Lokamu ikhale ndi malire. Kugwira maola owonjezera pa chipatala china, malamulo a pantchito panu akalola, ndi njira yachilungamo yopezera ndalama. Koma ngongole ikayamba kukulamulani kuti usiku uno musagone, amene amalipira ndi wodwala wa mawa m'mawa: dzanja lonjenjemera m'chipinda cha opaleshoni, mulingo wa mankhwala wolembedwa molakwika, mawu aukali kwa mayi amene wangofunsa za mwana wake. Palinso yesero lina loopsa kuposa kutopa. Dokotala wopanikizika ndi ngongole akhoza kuyamba kuona wachibale wa wodwala ngati thumba, n'kulandira "kangachepe" kuti opaleshoni ifulumire m'chipatala cha boma momwe chithandizo ndi chaulere. Wosauka wopanda kangachepe amabwerera kumbuyo kwa mzere ndi chotupa chake. Ngongole iliyonse imene ingakufikitseni pamenepo ndi yofunika kuikana tsiku loyamba.

7. Musamasayinire mnzanu ngongole imene simungathe kuibweza nokha, chifukwa iye akalephera, obwereketsa adzagwira inu. Ndipo amene muli pabanja, musabisirane ngongole. Mkazi kapena mwamuna wanu asadzaimvere kwa odzalanda katundu pakhomo.

8. Sungani kanthu, ngakhale kochepa. Ena amati kusunga n'kopanda nzeru pamene mitengo ya zinthu ikukwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka, monga zinalili mu 2024. N'zoona kuti ndalama yongokhala imafooka, koma ndalama yapadera imeneyi ntchito yake ndi kukutchingani kwa katapila tsiku limene malipiro achedwa kapena mwana wadwala. Muiike ku SACCO kapena ku akaunti ina yosalumikizidwa ndi foni yanu, ndipo izichoka yokha tsiku lolandira malipiro musanaione. Yambani ndi cholinga chofika pa ndalama ya lendi ndi chakudya cha mwezi umodzi. Mukaitapa pa vuto, mwezi wotsatira yambani ndi kubwezeretsa imeneyo musanagule china chilichonse chachikulu.