Nsapato zimatsala kunja kwa kachisi

Mvula ikachedwa m'midzi ya ku Chipera, m'boma la Maravia ku Tete, chimanga chongomera kumene n'kuyamba kufota, ena amathamangira kutchalitchi, ena amayang'ana kwa mfumu kuti akulu akathire nsembe, ndipo ambiri, tisanamizane, amachita zonse ziwiri. Wachinyamata amene akupita kukachisi koyamba amauzidwa zoletsa zambirimbiri popanda womufotokozera chifukwa chake. Akafunsa amangomva kuti "ndi mwambo".

Kachisi wa pamudzi ndi kanyumba kaudzu, kofupika mpaka m'chiuno, komangidwa patsinde pa mtengo waukulu m'nkhalango yomwe nkhwangwa siloledwa. Koma mwambo wake ndi wa dziko lalikulu. Kuno kumpoto kwa Zambezi ndi kumene Undi, atachoka kwa Kalonga ku Mankhamba, anakhazika likulu lake pa Mano, ndipo dzina la boma la Maravia likuchokera kwa Amaravi omwewo. Kachisi wamkulu wa ufumuwo anali ku Msinja, pafupi ndi mapiri a Dzalanyama ku Malawi, kumene kunkakhala Makewana, mayi wolosera za mvula m'dzina la Chisumphi. Makewana sankameta tsitsi poopa kudula mvula. Ankatumikiridwa ndi matsano, akazi osagona ndi mwamuna, ndipo Tsang'oma ndiye ankaimba ng'oma yopatulika ya Mbiriwiri poitana anthu. Pa Msinja sipankakhetsedwa magazi a munthu. Ngakhale wothawa adani akafika pamenepo ankapulumuka.

Lamulo losakhetsa magazili ndilo muzu wa malangizo ena onse. Akulu amati mudzi wokangana supempha mvula. Nsembe isanathiridwe, mfumu imayamba yafunsa ngati pali abale osalankhulana, mlandu wosatha kapena chigololo chobisika, ndipo zoterezi zimakambidwa kaye pabwalo. Wopita kukachisi satenga mpeni, nkhwangwa kapena mkondo, ndipo sapita ali ndi mangawa ndi mnzake. Mlamu amene munalandana naye malire a munda mukagwada naye malo amodzi, ndiye n'kwabwino kuyanjana naye dzulo lake.

Kudika nakonso kuli ndi chifukwa. Mowa wa nsembe ukamafulidwa, mabanja amasiya kugona pamodzi mpaka mwambo utatha, pakuti zinthu za mizimu zimafuna munthu wozizira, pomwe wogona ndi mkazi kapena mwamuna amatengedwa kuti ndi wotentha. N'chifukwa chake ufa ndi mowa zimanyamulidwa ndi agogo amene anasiya kusamba ndi tiana tosatha msinkhu. Wina angatsutse zoti kutentha kwa munthu mmodzi kungathawitse mitambo, ndipo ine sindingamukakamize. Koma ndi lamulo lomwe limagwira aliyense mofanana, mfumu ndi mkamwini womwe, ndipo palibe wapolisi wolilondera. Munthu amadziletsa yekha kuchipinda kwake chifukwa cha munda wa mnzake.

Zovala ndi nkhani yachidule. Chakuda ndicho chofunika, poti ndi mtundu wa mitambo ya mvula, ndipo mbuzi kapena nkhuku ya nsembe imakhalanso yakuda. Chofiira sichiloledwa chifukwa chimakumbutsa magazi ndi mphezi. Ku Khulubvi, kachisi wa Mbona ku Nsanje, mpaka lero wolowa amavula nsapato ndi kuvala nsalu yakuda, kaya ndi mlimi kaya ndi bwana wa galimoto. Pofika pakachisi amuna amakhala chonjuta n'kumawomba m'manja mwaulemu, amayi amagwada, ndipo wolankhula ndi mmodzi yekha, mkulu wotchula makolo mayina awo kuti akapereke dandaulo kwa Chauta. Mwana salowerera, saseka, saloza ndi chala.

Ulemu woterewu si wa Achewa okha. Ku Salamanga, mudzi wa m'boma la Matutuíne kumwera kwa Maputo, kuli kachisi wa Ahindu amene anamangidwa mu 1908 ndi amwenye ochokera ku India. Kumenekonso nsapato zimatsala pakhomo. Ahindu amapita kukachisi atasamba, amapereka maluwa, zipatso ndi kokonati, amayatsa nyali pamaso pa mafano a milungu yawo, kenako amagawana chakudya chimene chaperekedwa. Mowa safuna n'kuuona komwe pamalopo, pamene kwathu mowa wa mawere ndiwo nsembe yeniyeni.

Achinyamata a ku Maravia osadziwa izi sitingawadzudzule kwambiri. Dziko la Mozambique litalandira ufulu mu 1975, boma la Frelimo linachotsa mafumu pa maudindo awo ndipo nsembe ankaziona ngati zaumbuli. Kenako nkhondo inabalalitsa midzi, anthu ambiri a ku Tete n'kuthawira ku Malawi ndi ku Zambia, ena kukakhala ku Ukwimi, komwe nthawiyo kunali m'boma la Petauke, mpaka mtendere wa mu 1992. Mafumu anadzavomerezedwanso ndi lamulo m'chaka cha 2000, koma nthawiyo akulu ambiri odziwa kachitidwe ka nsembe anali atatsikira kulichete. Lero mafumu a Achewa a ku Mozambique amapita ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, ku Katete, mwezi wa Ogasiti chaka chilichonse, koma mwambo wa tsiku limodzi sungaphunzitse mwana zimene ankaphunzira pakhonde la agogo ake.

Inu amene chikhulupiriro chanu sichikulolani kuthira nsembe, palibe wokukokani. Khalani kunyumba mwamtendere. Koma musakadule mtengo wa kukachisi kuti muwotche makala, musakajambule ndi foni popanda chilolezo cha eni ake, ndipo ana anu muwaletse kunyoza agogo amene akupita kumeneko atasenza mtsuko.