KAMBA WA PAULENDO

Mawu: 1 Mafumu 19:1-8



Mneneri Eliya atathawa Yezebeli, anayenda tsiku lathunthu m'chipululu, nakhala pansi pa mtengo atatopa mpaka kupempha imfa. Mulungu sanayambe ndi kumudzudzula ayi. Anatuma mngelo amene anamudzutsa kuti adye mkate wootcha pamakala ndi kumwa madzi a mumtsuko. Anamudyetsa kawiri chifukwa ulendo unali wautali, ndipo ndi mphamvu ya chakudyacho anayenda masiku 40 kufika ku phiri la Horebu. M'chipululumo munalibe mphika kapena mafuwa, koma mtumiki wa Mulungu sanayende ndi njala.

Lerolino amayi ambiri timayendera ntchito. Ena timakaoda katundu ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam, ena ndife aphunzitsi okachonga mayeso, ena anamwino opita kumaphunziro. Amuna athu ena ndi oyendetsa mathiraki, ndipo amagona pachipata cha Mwanza kudikira mapepala. Kophikira kulibe. Ndiye timatani? Ena timangodalira chipisi cha pachiwaya, mandasi ndi zakumwa zotsekemera. Ena timadzimana dala kuti ndalama ya katundu isachepe. Phindu lake nlotani, amayi, kubwera ndi zikwama zodzaza koma nkukafikira kuchipatala? Paulo akutikumbutsa pa 1 Akorinto 6:19 kuti thupi ili ndi lopatulika, Mzimu Woyera amakhalamo. Sitingalizunze pofuna kusunga makobidi.

Makolo athu sankanyamuka opanda kamba. Ifenso tikonzeretu tisanachoke panyumba. Mtedza ndi chimanga zokazinga zimakhala masiku osaonongeka. Mbatata yootcha ndi mazira ophika tidye tsiku loyamba lomwelo. Nsima, mpunga ndi ndiwo zophika zisakhale m'chikwama maola opitirira awiri, chifukwa kutentha kwa m'basi kumaziononga msanga. Panjira tigule nthochi, malalanje ndi zipatso zina zosenda tokha. Ngati tagula chakudya chophika, chikhale chotentha, chochoka pamoto tikuona.

Pa madzi tisachite chibwana. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi. Tinyamule madzi owiritsa kapena othira mankhwala, ndi kachidutswa ka sopo kosambira m'manja. Tisadzimane madzi poopa kuti basi siima. Amene muli ndi matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, mankhwala akhale m'chikwama cha m'manja, ndipo musadumphitse nthawi ya chakudya. Kumbukiraninso kuti bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, pafupifupi kasipuni kamodzi ka tiyi.

Mawuwa ali ndi ntchito inanso kwa ife. Eliya sanadzipezere yekha chakudya, panali wina womudzutsa. M'basimo mudzakhala ndi mnzanu amene sanadye chichokereni. Gawanani naye. Bambo akunyumba kapena mwana akamanyamuka, musangomutsazika ndi pemphero lokha, mumangireniko kamba. Pamsonkhano wathu wotsatira, tiphunzitsane ndi amayi achitsikana kakonzedwe kake.

Tipemphere: Atate wachifundo, amene munadyetsa Eliya m'chipululu, sungani onse amene ali paulendo wofuna chakudya cha mabanja awo. Apatseni nzeru yosamala matupi awo, ndipo muwabwezere kwawo ali amphamvu. Kudzera mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.